Lole ya ku Neno imasankhidwa ndi msewu

Wamalonda aliyense amene anapikulako mbatata ya kachewere kumtunda kwa Dambe, kapena manachesi m'midzi ya ku Neno, amadziwa kuwawa kwa kudikira lole ya mwini. Matumba asokedwa kale, anyamata onyamula alipidwa, koma mwini galimoto akuti abwera mawa chifukwa wapeza hayala ina yonona ku Mwanza. Pofika mawalo mtengo wonyamulira thumba wakwera, ndipo palibe chotsutsa poti manachesi sadikira munthu. Katundu akamatsitsidwa ku Limbe kapena ku Ndirande, phindu lina lalowa m'thumba mwa mwini lole, lina lawolera m'madengu. N'chifukwa chake ambiri akangoona kuti mpamba wakula, maganizo amathamangira kogula lole yawoyawo.

Maganizowo ndi abwino. Cholakwika ndi funso lomwe ogula ambiri amayambira, loti Canter ikupanga ndalama zingati masiku ano. Ku Neno funso limeneli liyenera kubwera pambuyo. Woyamba kufunsidwa ndi msewu, kenako makaniko amene azidzaikonza, kenako mapepala. Lole yomwe yalephera pa zinthu zimenezi ndi yodula ngakhale mwini wake atadula mtengo pakati.

Neno inakhala boma palokha m'chaka cha 2003 itapatukana ndi Mwanza, ndipo kuchokera nthawi imeneyo msewu wa phula wa Tsangano-Neno-Mwanza wakhala ukumveka pa kampeni iliyonse. Ntchito inayambika, asilikali a Malawi Defence Force anapatsidwako gawo, koma wogula lole asawerengere phula lomwe silinafike kumunda komwe amapikula. Phula lodalirika lili kumunsi: msewu wa M1 wodutsa pa Zalewa, ndi wa M6 wochoka pa Zalewa kukafika ku chipata cha Mwanza. Katundu wambiri, makamaka mbatata, tirigu ndi zipatso, ali kumtunda, komwe msewu ndi wa fumbi m'chilimwe, wa matope m'dzinja, wa zitunda chaka chonse.

Malole ambiri a matani awiri ochokera ku Japan anapangidwira ntchito ya m'tauni, yoperekera katundu m'masitolo. Ena ali ndi timatayala ting'onoting'ono kumbuyo kuti bodi itsike, munthu asavutike pokweza makatoni. Pa chithunzi amakongola ndipo mtengo wake umakopa. Koma mumsewu wokumbika ndi madzi, lole yotere imakhula mimba pansi, ndipo difu ikagunda mwala ulendo wathera pomwepo. Komanso matayala akutsogolo ndi akumbuyo akasiyana saizi, mwini amayenera kuyenda ndi masipeya awiri. Ya ku Neno ikhale yokwera, ya matayala ofanana kutsogolo ndi kumbuyo, kumbuyoko awiriawiri, pa saizi yomwe munthu angaipeze ku Limbe tsiku lomwelo, monga 7.00-16 kapena 7.50-16. Zilipo za Canter ndi Elf zokoka ndi matayala onse, ndipo m'matope zimachita bwino, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo zipangizo zake zakutsogolo sizipezeka wamba.

Anthu amaopa chitunda, pomwe choopsa kwambiri ndi mtsetse. Lole yodzadza mbatata ikamatsika kuchokera kumapiri, dalaivala wodalira buleki ya phazi yokha amatenthetsa mabuleki mpaka amasiya kugwira. Malole ambiri a ku Japan ali ndi buleki ya ku ekizozi, yomwe imathandiza injini kugwira galimoto potsika. Pa malole omwe ayenda nthawi yaitali m'dziko muno buleki imeneyi nthawi zambiri imakhala itafa kalekale, mwini wake osalabadira chifukwa amayenda m'tauni. Wogula wa ku Neno aiyese, ndipo ngati yafa awerengere zoikonza asanakwere nayo phiri.

Nkhani ya injini ndi yomwe ikugwetsa ambiri. Mayina ndi odziwika: Mitsubishi Canter, Isuzu Elf, Toyota Dyna, Nissan Atlas, Mazda Titan. Koma dzina palokha silinena zambiri, chifukwa Canter ya 1998 ndi ya 2013 zimangofanana dzina basi. Injini zakale, monga 4D33 ya Canter, 4HF1 ya Elf ndi 14B ya Dyna, zimayendera pampu ya dizilo yopanda kompyuta. Makaniko wa pa Zalewa kapena pa boma la Mwanza amaitsegula ndi masipanala ake pansi pa mtengo, zipangizo n'kukazipeza ku Limbe kapena ku Ndirande. Canter zoyambira 2010 zili ndi injini ya 4P10 yoyendetsedwa ndi kompyuta, zambiri zili ndi giyabokosi yosintha yokha yotchedwa Duonic, ndipo ku ekizozi kuli sefa ya utsi ya DPF. Sefayi imafuna kuti injini itenthe bwino kwa nthawi ndithu kuti mwaye upse. Lole yokhalira kukwawa pa giya wani ndi thu m'mabampu siipatsa mpata umenewu. Ikatsekeka, nyale imayaka pa dashibodi, galimoto imatha mphamvu, ndipo mankhwala ake ndi makina oyezera omwe ali ku Blantyre. Kukoka lole kuchoka ku Ligowe kapena ku Kambale kukafika kumeneko ndi ndalama ya ulendo wathunthu wa katundu.

Pali china chomwe wogulitsa sanena. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni, monga zakhala zikuchitikira kawirikawiri kuyambira 2022, lole ya kumudzi imamwa dizilo wa m'zigubu. Dizilo ameneyu nthawi zina amakhala ndi madzi, fumbi kapena palafini. Pampu yakale imapirira, mwini amangosintha mafyuluta pafupipafupi. Manozo a injini za kompyuta sapirira, ndipo seti imodzi ikhoza kudya phindu la nyengo yonse ya manachesi.

Izi sizikutanthauza kuti malole atsopanowa ndi oipa. Amamwa mafuta pang'ono, ali ndi mphamvu, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ndi pa phula, Blantyre mpaka Lilongwe, ndi abwino. Koma wogula koyamba wa ku Neno alibe lole yachiwiri yoti igwire ntchito pomwe inayo ikudikira kachipangizo kochokera ku Dubai kapena ku Johannesburg. Iyeyu ayambe wapita kwa makaniko wa kwawo n'kumufunsa injini zomwe amazidziwa, asanayambe n'komwe kuyang'ana mitengo.

Vuto lake n'lakuti lole ya injini yosavutayi imakhala yakale, ina ya zaka zoposa 25. Apa ndi pomwe munthu amayenera kusankha pakati poitanitsa kunja ndi kugula yomwe ili kale m'dziko muno.

Kuitanitsa kudzera m'makampani monga Be Forward ndi SBT Japan kuli ndi ubwino wake: malole a ku Japan sanyamula mopyola muyeso ndipo amayenda m'misewu yosalala. Koma mtengo wa pa foni ndi chiyambi chabe. Pali ndalama ya sitima yapamadzi kukafika ku Dar es Salaam kapena ku Durban, za padoko, za ejenti, za dalaivala ndi mafuta kukafika pa chipata cha Songwe kapena cha Mwanza, msonkho wa MRA womwe umatengera zaka ndi kukula kwa galimoto, kenako kulembetsa. Zambiri mwa izi zimalipidwa m'madola, ndipo pakati pa tsiku lolipira ndi tsiku lofika pamadutsa masabata angapo. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Amene galimoto yake inali panyanja masiku amenewo anadzuka ndalama zake zosakwana, pomwe padoko tsiku lililonse lochedwa limalipiritsidwa. Onjezanipo kusowa kwa madola m'mabanki, komwe kumakankhira anthu kwa osintha ndalama a mumsewu pa mtengo wokwera kwambiri. Ndipo chithunzi sichionetsa dzimbiri la pansi, lomwe limagwira malole ochokera kumpoto kwa Japan, komwe m'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu.

Kwa munthu amene anagulapo galimoto kangapo ndipo ali ndi ndalama yapadera yotchingira zadzidzidzi, njira imeneyi ndi yotheka, bola afunse kaye ku MRA kuchuluka kwa msonkho asanatumize ngakhale tambala, ndipo alipire ku akaunti ya kampani, osati ya munthu. Kwa wogula koyamba, amene ndalama zake ndi za zaka zisanu za kugulitsa mbatata, lole yomwe angaigwire ndi manja n'kuilipira m'makwacha ndi yomwe ili ndi chiopsezo chochepa.

Koma yakunoyonso ili ndi zake. Malole a m'dziko muno amazunzika: ya matani awiri imasenzetsedwa matani anayi, oyilo amasinthidwa mwini akakumbukira. Ikatsala pang'ono kugulitsidwa imapakidwa penti, matayala amapukutidwa mpaka kunyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho wogula apite ndi makaniko wa kwawo uja, amulipirire ulendo ndi tsiku lake. Makaniko wobwera ndi wogulitsa kapena ndi dobadoba amadya mbali inayo.

Afike m'mawa injini isanalizidwe, ndipo aigwire ndi dzanja. Akaipeza yofunda, afunse chifukwa chake, poti injini yotopa imavuta kulira ikazizira ndipo ogulitsa amadziwa zimenezi. Ikalira ayang'ane utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Woyera wosatha ngakhale injini itatentha umaloza madzi olowa m'injini kapena manozo otha. Wakuda bii ndi nkhani ya pampu, manozo kapena fyuluta ya mpweya. Atsegule pothirira oyilo injini ikulira: pakamatuluka utsi wambiri mopuma ngati mphika wa nyemba, maring'i atha, ndipo posachedwa injiniyo ifuna kuphwasulidwa. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi.

Kenako alowe pansi pa lole ndi tochi, asaope kuda malaya. Injini imakonzeka, giyabokosi imasinthika, koma tchesisi yothyoka sibwereranso mwakale. Ayang'ane powotcherera, makamaka kuseri kwa kabini ndi pomwe masipuling'i amagwira. Penti yakuda yatsopano pamalo amodzi okha imakhala ikubisa kanthu. Masipuling'i owonjezeredwa, omwe wogulitsa amawatama kuti lole ndi yolimba, akungoulula kuti yakhala ikusenza katundu woposa msinkhu wake. Makilomita a pa dashibodi asawakhulupirire kwambiri chifukwa amabwezedwa. Mphira wa pa mapedulo, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala zimanena zoona kuposa nambala.

Kuzungulira nayo pa phula ili yopanda kanthu sikuyesa. Ikwezedwe matumba a mchenga kapena njerwa, ipite pa chitunda, ndipo ku Blantyre zitunda sizisowa. Pamenepo kilatchi yoterera, giya yodumpha ndi injini yotentha msanga zimaonekera. Wogulitsa wokana zimenezi wayankha kale funso. Pomaliza awerenge matayala onse asanu ndi awiri pamodzi ndi sipeya, komanso mabatire, omwe pa malole ambiri otere amakhala awiri. Zonse zomwe zatha zichotsedwe pa mtengo, chifukwa ndalama yake ituluka m'mwezi woyamba womwewo.

Mapepala ndi omwe amalanditsa galimoto yabwinobwino. Dzina la mu bulubuku lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa. Nambala ya tchesisi, yomwe inadindidwa pa chitsulo chenichenicho, ndi nambala ya injini zifanane ndi zolembedwa, ndipo wogula aziwerenge yekha chilembo ndi chilembo. Malole ambiri adutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi pa kalata yogulitsirana yokha, dzina la m'buku likadali la munthu amene anapita ku Joni kapena anamwalira. Ku ofesi ya Road Traffic, kusintha umwini mu MalTIS kumafuna mwini wolembedwayo, osati amene wagwira makiyi. Njira yabwino ndi kupita limodzi kumeneko, wogulitsa ndi wogula, popanda madobadoba a pageti, ndipo gawo lomaliza la ndalama liperekedwe dzina litasintha.

Neno ili m'malire ndi Mozambique ndipo chipata cha Mwanza chili pafupi, choncho malole a nambala zakunja otsika mtengo sasowa. Ambiri analowa pa chilolezo cha masiku owerengeka, msonkho wake sunalipidwe, ndipo tsiku lomwe a MRA adzaigwire sadzafunsa kuti anailowetsa ndani. Ina ikhoza kukhala yobedwa, n'chifukwa chake kalata ya apolisi yotsimikiza galimoto ndi yofunika. Palinso malole omwe ndi chikole cha ngongole ku banki kapena ku mabungwe obwereketsa ndalama. Lamulo la Personal Property Security Act la 2013 linakhazikitsa kaundula wa zikole zotere ku ofesi ya Registrar General, ndipo munthu akhoza kufufuzamo asanalipire. Ochepa amachita zimenezi, koma mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kuona lole ikutengedwa pa ngongole ya munthu wina.

COF ndi inshulansi aliyense amazidziwa, ngakhale ambiri sadziwa kuti inshulansi yotsika mtengo ija imalipira anthu ena okha amene apwetekedwa kapena kuwonongeredwa katundu, osati lole kapena mbatata za mwini. Chomwe chimadzidzimutsa ogula koyamba ndi laisensi. Ya Code B imathera pa galimoto yolemera makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu wake. Lole yonyamula matani awiri imapyola pamenepo, chifukwa payokha imalemera matani oposa awiri. Imafuna Code C1, ndi chiphaso cha madalaivala a ntchito chotchedwa PrDP. Amene amati aziyendetsa yekha poti ali ndi laisensi ya galimoto yaing'ono adzazimva pa rodibuloko ya pa Zalewa, ndipo pakachitika ngozi a inshulansi adzapezerapo chifukwa chokanira.

Tsono ndalama. Lole siyenera kudya mpamba wonse. Wamalonda amene wagulitsa chilichonse kuti aigule amatsala ndi galimoto pakhomo koma wopanda chopikulira, ndipo amasanduka wodikira hayala ya anzake, ntchito yomwe saidziwa. Ndalama yopikulira ikhale payokha, ndipo pakhalenso ina yokwanira matayala, sevisi yoyamba ndi vuto limodzi lalikulu. Ngati zimenezi sizikutheka, nthawi yogula sinakwane.

Katundu wa ku Neno amayendera nyengo. Manachesi ndi a miyezi yochepa ya nthawi yozizira, nandolo amabwera pambuyo pake, mbatata ili ndi nthawi zake. Mvula ikalimba, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamakhala masiku oti lole singakwere kumtunda ngakhale katundu alipo. Ngongole siidziwa dzinja. Ya banki imafuna yake mwezi uliwonse, ya banki mkhonde ndi ya miyezi yochepa pomwe lole imabweza ndalama m'zaka, ndipo ya katapila isatchulidwe n'komwe. Njira yodziwira ngati lole ikufunikadi ndi kope wamba: kulemba ndalama iliyonse yomwe yapita ku hayala kwa chaka chathunthu, n'kuiyerekeza ndi dizilo, malipiro a dalaivala ndi womuthandiza, matayala, sevisi, COF ndi inshulansi. Ena akawerengera adzapeza kuti kugwirizana ndi mwini lole mmodzi pa mtengo wokhazikika wa nyengo yonse kukuwakomera kuposa kugula.

Powerengerapo asadzinamize pa kuchuluka kwa matumba. Kumbuyo kwa malole ochokera ku Japan kumakhala kachikwangwani kolembedwa kulemera kwa katundu wololedwa. Pakalembedwa 2000 kg, amenewo ndi matumba 40 a makilogalamu 50. Pa 3000 kg ndi matumba 60. Matumba a mbatata osokerera pamwamba aja amalemera kuposa pamenepo, choncho amakwana ochepa. Amene phindu lake likutuluka pokhapokha lole ya matani awiri itanyamula matumba 70, ndiye kuti akuwerengera phindu lomwe lidzathere ku masipuling'i, matayala ndi chindapusa cha pa sikelo. Ndipo wofuna msika wa ku Lilongwe aikemo zolipira pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke, popita ndi pobwera.

Chomwe chimapulumutsa lole ya kumudzi ndi katundu wa pobwerera. Yotsika ndi mbatata n'kukwera yopanda kanthu yawotcha dizilo wa maulendo awiri pa malipiro a ulendo umodzi. Eni magolosale ndi mahadiweya a pa boma, pa Ligowe, pa Lisungwi ndi pa Kambale amafuna shuga, sopo, mchere, simenti ndi malata, ndipo nthawi ya feteleza ikafika aliyense amasaka galimoto. Anthu amenewa akambidwe lole isanagulidwe, kuti mwini adziwe kuti ndi angati amene adzamupatsadi katundu, ndipo pa mtengo wanji.

Dalaivala ndi amene amagwira chuma chonsechi m'manja. Pa miyezi yoyamba mwini azikwera nawo, azilemba malita omwe athiridwa ndi makilomita omwe ayendedwa pa ulendo uliwonse, kuti tsiku lomwe adzatsale kunyumba adzadziwe ngati dizilo akupungulidwa m'njira. Akambiranenso poyera za matola, chifukwa anthu okwera pamwamba pa matumba pakachitika ngozi mlandu umafika kwa mwini. Koma chachikulu ndi makala. Njira yochokera ku Neno ndi Mwanza kulowa mu Blantyre ndi yodziwika pa malonda amenewa, ndipo dalaivala wotsika ndi lole yosadzadza amakopeka ndi matumba khumi a ndalama ya m'thumba mwake. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo makhoti akhala akulamula kuti galimoto zogwidwa ndi makala opanda chilolezo zilandidwe n'kukhala za boma. Zimenezi zilembedwe m'pangano la ntchito, dalaivala asainire, mboni ziwiri zilipo, makiyi asanaperekedwe.